Mlandu wa Cule Wosalira wa ku Mulanje

Pa bwalo la mfumu pali mwambo wakale, wakuti munthu wosakhoza kudzinenera yekha, kapena mwana, kapena wosalankhula, samweruza asanapezeke mbale womnenera. Mwezi uno tadza kwa inu, owerenga athu, ndi mlandu wotere. Mwini mlandu ndiye cule wamng'ono wa m'mitengo ya ku phiri la Mulanje, amene sanamvekepo kulira, ndipo amene tiwaimba mlandu ndiwo onse aja amene, pakumva kuti nkhalango yace irikutha, aseka nati, “Nanga cule ndi ciani?” Tidziwa kuti ena aseka kale pakuona mutu wa nkhani ino. Tiwapempha asunge kuseka kwao kufikira atamva mlandu wonse.

Tiyambe ndi kumdziwa mwini wace. Cule ameneyu ngwamng'ono ndithu, utali wace masentimita 2 kapena 3, kotero kuti akhoza kukhala pa nsonga ya cala. Thupi lace ndi lobiriwira monga tsamba lanthete, ndipo ku nsonga za zala zace kuli timbale tomata, timene agwira nato tsamba losalala osagwa. Sakhala pa dothi monga cule wa pa khomo, kapena kudzikwirira monga finye, koma pa masamba a mitengo ndi zitsamba zoweramira pa madzi. Wamwamuna ali ndi timinga takuda pa mmero pace. Ndipo cifukwa ca timingato R. A. Stevens, amene anayamba kumlemba m'mabuku a akatswiri m'caka ca 1971, anampatsa dzina la Hyperolius spinigularis, ndiko kunena, wa minga pa mmero.

Makhalidwe ace awiri ndi odabwitsa. Coyamba, salira. Tonse tidziwa phokoso la m'dambo mvula ikagwa, pamene acule amuna aitana akazi usiku wonse. Koma uyu, pamodzi ndi abale ace owerengeka a m'mapiri a ku Tanzania, akhala cete. Akatswiri ayesa kuti kapena akazi azindikira amuna a mtundu wao pakukhudza timinga tija, popeza mau palibe. Caciwiri, wamkazi sataya mazira ace. Acule ambiri aikira m'madzi nacoka osaceukanso. Koma uyu aikira pa tsamba la pamwamba pa madzi, nabwerako usiku kudzawanyowetsa kuti angaume, kufikira ana ataswa nagwera m'madzi a pansi pace, m'mene akhala ambululu kufikira atamera miyendo.

Pa dziko lonse lapansi cule uyu adziwika pa malo awiri okha, pa Mulanje ndi pa phiri la Namuli ku Mozambique. Kale anamuyesa kuti alinso ku Tanzania, koma m'caka ca 2015 kunapezeka kuti a kumeneko ndi mitundu yina. Ndipo musayese kuti akhala pamwamba pa Sapitwa, pa mamita 3,002, pamene khasu silifika. Iai, kwao ndi ku nkhalango zonyowa za m'munsi, ku mbali ya kumwera kumene mvula icuruka, kufupi ndi minda ya tiyi. Ndiko kumene nkhwangwa ndi khasu ziyamba kufika.

Nanga nkhalangozo ziri bwanji? Boma linapatula phiri la Mulanje m'caka ca 1927 kuti mitengo yace isungike. Cinkana zinatero, nkhalango ya Chisongeli, imene zaka za m'ma 1970 inali imodzi ya zazikuru za m'dziko muno, mbali yace yaikuru inasanduka minda. Oocha makala akwera caka ndi caka, ndi moto wa malimwe uwatsata pambuyo. Ndipo taonani cimene cinagwera mkungudza wa Mulanje, mtengo wosamera wokha kwina kuli konse, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lathu m'caka ca 1984: pamene anaiwerenga m'caka ca 2017, anapeza mitengo yaikuru 7 yokha. Ngati mtengo womveka wotere, wautali, wonunkhira, wotetezedwa ndi lamulo, unatha anthu ali maso, nanga tsiku lakutha cule wosalira adzamva ndani?

Tsono timve otsutsana nafe, mmodzi mmodzi.

Woyamba ati, “Acule ngosawerengeka, m'dzinja sitigona nao tulo. Akatha uyu atsala ena.” Awa ndi mau a munthu wosasunga mbeu. Nyemba, khobwe, nzama ndi nandolo zonse ndi ndiwo. Koma mai amene nzama zace zatha sakhazika mtima pansi pakuti nandolo alipo, anka kwa mnansi kukapempha mbeu. Cule uyu akatha pa Mulanje ndi pa Namuli, kulibe mnansi wokampemphako. Ndiponso si zoona kuti acule ngosatha. M'caka ca 2023 akatswiri a maiko ambiri, atapenda mitundu yoposa 8,000 ya acule ndi zinzao, anapeza kuti mitundu 41 pa 100 iri yonse iri pa ngozi ya kutha psiti. Mbalame siziri pa tsoka lotere, ngakhale nyama zoyamwitsa.

Waciwiri ati, “Atipindulira ciani? Sitimudya, sitimgulitsa.” Apa pagona mlandu wonse, ndipo tifuna mumvetse. Cule alibe ubweya, alibe mamba, alibe nthenga. Khungu lace ndi lopyapyala. Amwera nalo madzi, napumira nalonso. Mazira ace alibe cikamba monga a nkhuku. Cifukwa cace malo akayamba kuuma, kapena madzi kuipa, woyamba kucimva ndiye cule. Ndipo wa mtundu uwu aposa anzace pa kufooka, popeza afuna zitatu pamodzi, ndizo mthunzi, tsamba loweramira pa madzi, ndi madzi osaphwa kufikira ana atakula. Pamene pali cule uyu, zitatuzi ziripo. Pamene wasowa, cimodzi ca izo cacoka.

Ndipo zitatu zomwezo ndizo zisunga citsime ca mudzi. Mvula ikagwa pa nkhalango, masamba aicepetsa mphamvu. Igwera pa zinyalala zobvunda za pansi, zimene zimwa madzi monga cinkhupule. Ilowa m'nthaka potsata mizu, nituruka pang'ono pang'ono pa akasupe miyezi yonse ya dzuwa. Koma ikagwa pa phiri lometedwa, ithamanga tsiku lomwelo, yofiira ndi dothi, nikokolola minda. Ndipo pofika malimwe mtsinje watsala mcenga. Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila, Phalombe, Muloza, yonseyi ibadwira pa phiri limodzi ili. Imwetsa midzi, ithirira madimba ndi tiyi, ndipo kuyambira 2019 madzi a Likhubula ayenda m'mipope kukamwetsanso anthu a ku Blantyre. Potero cule uyu ndiye mboni ya madzi athu. Akuru anati, “Cule anadabwa m'madzi muli mwace.” Mwini madzi akayamba kudabwa, munthu, amene ali mlendo wa madzi, ayenera kuopa.

Ndipo pali phindu lina limene anthu a maiko ena analizindikira litacoka. Ku Costa Rica ndi ku Panama, maiko a mapiri a ku America, nthenda ya pa khungu inapha acule ambirimbiri kuyambira zaka za m'ma 1980. M'caka ca 2022 akatswiri anafanizira mabuku a zipatala ndi njira imene nthendayo inayenda, napeza kuti m'madera m'mene acule anatha, malungo anacuruka pakati pa anthu zaka zingapo zotsatira. Cifukwa cace sicibvuta kuciganizira: acule adya tizirombo touluka, ndi ana ao akhala m'madzi momwe udzudzu uswana. Ife a dziko lino, amene taika ana ambiri m'manda cifukwa ca malungo, ndife otsiriza oyenera kuseka wakudya udzudzu.

Wacitatu adza ndi mau olemera koposa, ndipo sitiwapeputsa. Ati, “Inu mulirira cule, ana athu alirira nsima. Munda ngwaung'ono, malo ambiri anatengedwa ndi tiyi makolo athu akali moyo, nchito kulibe. Tikaleka kuocha makala tidzadya ciani?” Mau awa ndi oona, ndipo wokhuta amene awaseka alibe gao pa mlandu uno. Mulanje ndi Phalombe ndi maboma odzala anthu, ndipo mabanja oposa 90 pa 100 ali onse m'dziko muno aphika ndi nkhuni kapena makala. Koma tifunse: cuma ca nkhalango yodulidwayo cinanka kuti? Mikungudza ya zaka mazana inagwa. Tionetseni mudzi wa m'tsinde mwa phiri umene unalemera nayo. Mnyamata amene anatsika ndi thabwa pa mutu m'njira zoterera, khosi liri kuwawa, analandira za mcere ndi sopo. Phindu linakwera galimoto kunka ku mizinda. Thumba la makala logulidwa pa mtengo wocepa m'mbali mwa phiri lifika ku Limbe mtengo utakwera, ndipo wakudya kusiyanako sanagwirepo nkhwangwa. Koma mtsinje ukaphwa, woyamba kulawa ludzu ndiye wosauka yemweyo. Mkazi wace ndiye alawirira mbanda kuca ndi ndowa kukafukula mcenga. Dimba lace ndilo liuma. Mwana wace ndiye atsegula m'mimba ndi madzi a pa cithaphwi. Wolemera agula madzi. Cifukwa cace wonena kuti kulekerera nkhalango idulidwe ndiko kucitira osauka cifundo, anyenga osauka. Awapatsa nsima ya lero, nalanda madzi a ana ao.

Potero mlandu waukuru sitiuika pa wosenza thabwa, koma pa womtuma ndi wogula. Tiri naonso mau kwa osunga lamulo. Lamulo la nkhalango la 1997 linakonzedwanso m'caka ca 2020, ndi zilango zace zinakula. Koma lamulo likathamangitsa mai wa mtolo umodzi wa nkhuni zouma, nilola galimoto yodzala matabwa ipite pa cipata usiku, mudzi wonse udzalinyoza, ndipo udzakhoza. Eni minda ya tiyi naonso amve. Nkhalango ya m'munsi inayamba kucepa pamene minda yao inatsegulidwa. Ndipo tizigawo totsala m'mphepete mwa mitsinje ya m'minda yao ndito nyumba ya cule uyu. Asatiyese malo ogona pacabe.

Wacinai ati, “Izi nza Azungu, iwo ndiwo akonda tizirombo, ndipo phiri ndi la Boma.” Mlendo adza, ajambula cithunzi, nabwerera kwao kumene madzi aturuka pa mpope. Wotsala ndi phiri ndani? Ndipo si zoona kuti ulemu wa phiri unadza ndi alendo. Pamene bungwe la UNESCO linalemba Mulanje pakati pa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi m'caka ca 2025, linatero cifukwa ca ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alomwe alicitira phirilo kuyambira kale. Ngakhale akatswiri, pofuna dzina la mtundu wina wa nadzikambe wa pa phiri lomweli, anabwereka liu lathu, nalemba Nadzikambia m'mabuku a maiko onse. Koma umboni woposa uli pa khomo panu. Yendani m'dziko monse m'mene mitengo yatha, mudzaona pa mudzi uli wonse kamsitu kamodzi kobiriwira, ka mitengo yakale. Ndiko ku manda. Kulibe mpanda, kulibe mlonda wa Boma, koma palibe alowako ndi nkhwangwa wosauza mfumu. Ici sanatiphunzitsa mlendo. Anthu okhoza kusungira akufa mthunzi, ciwakanika nciani kusungira amoyo madzi?

Wacisanu ati, “Madzi osefukira ndi Napolo, mitengo iribe kanthu.” Sitinena kuti mtengo ukhoza kugwira phiri mvula ikaposa muyeso. Phiri la Zomba linagumuka m'caka ca 1946, mitengo ikali yambiri kuposa lero. Ndipo a ku Phalombe akumbuka caka ca 1991. Koma yense wolima pa mtsetse adziwa kuti mizere yopanda udzu ndi mizu ikokoloka ndi mvula imene munda wa mnzace uipirira. M'dzinja la 2023, pamene namondwe Freddy anagwa pa maboma a kumwera, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo ambiri a iwo anakwiriridwa ndi matope ndi miyala yotsika m'mapiri, ku Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mvula sitikhoza kuilamulira. Cimene mvula ipeza pa phiri ikagwa, cimeneco ciri m'manja mwa anthu. Wonena za Napolo nkhwangwa iri pa phewa afuna pobisala.

Wotsiriza ati, “Musabvutike, akatswiri adzamsunga m'nyumba zao, nadzambweza.” Tamverani za cule wina wa m'mitengo, wa ku mapiri a Panama. Akatswiri anamuona m'caka ca 2005. Anali wamkuru, wa mapazi otambalala, amene anatsetsereka nao m'mlengalenga kucokera pa mtengo. Ndipo wamwamuna anasunga ana ace m'madzi a m'phanga la mtengo, nawalola adye khungu la pa msana pace. Nthenda ija itayandikira, anatenga owerengeka kunka nao ku America kuti awasunge. Koma mtunduwo sunacuruke m'nyumba za anthu, ndipo m'nkhalango sanamvekenso citapita caka ca 2007. Wotsiriza anakhala yekha ku Atlanta. M'caka ca 2014 anamveka akuitana, koma panalibe wa mtundu wace womuyankha. Namwalira m'caka ca 2016. Amene anamutha uyo ndi nthenda, wathu aopsedwa ndi nkhwangwa, koma phunziro ndi limodzi: mtundu wokhala pa phiri limodzi ukatha pa phiri pace, nyumba ya magalasi siubweza. Ndipo uja anali ndi mau, anthu namlira. Wathu adzapita cete, ndipo tidzadziwa pakuona mcenga m'mtsinje. “Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.”

Tsono tipempha ciani? Sitipempha ndalama, kapena kuti munthu agone ndi njala cifukwa ca cule. Tipempha zinthu zisanu zokhozeka.

Coyamba, mafumu ndi nduna zao apatule akasupe ndi magombe a mitsinje monga anapatula manda, kuti khasu ndi nkhwangwa zilekeze patali ndi madzi. Mizere iwiri itatu ya cimanga imene munthu ataya pamenepo idzabwezedwa ndi dimba losauma.

Caciwiri, moto uleke pa phiri. Anthu a m'midzi yozinga Mulanje afesa nabzala mbande za mkungudza zikwi mazana m'zaka zapitazi. Koma mtengo uwu ukula pang'ono pang'ono, ndipo mnyamata mmodzi wosaka mbewa ndi moto akhoza kutha nchito ya zaka zisanu dzuwa lisanalowe. Wotentha chire asabisidwe cifukwa ndi mphwathu.

Cacitatu, banja liri lonse likhale ndi nkhuni zace: mitengo m'malire a munda, nsungwi kuseri kwa nyumba, mapesi a nandolo osatayidwa, ndi mbaula ya dothi imene idya nkhuni zocepa kuposa mafuwa atatu.

Cacinai, wogula afunse. Mmisiri wa mipando, mwini sitolo, mai wa ku mzinda wogula makala, ndi inunso akuru amene mumanga nyumba zopemphereramo ndi masukulu, funsani kumene matabwa anacekedwa, ndi kumene zinacokera nkhuni zoochera njerwa zanu. Sikukoma kukhala pansi pa denga labwino limene linaphwetsa citsime ca mudzi wina. Wogula akakana, wotuma adzaleka kutuma.

Cacisanu, ana aphunzitsidwe. Mwana woponya miyala acule pa citsime asangokalipiridwa. Auzidwe cimene cule acita, ndi cimene kusowa kwace kutanthauza. Aphunzitsi a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri auze ana ao kuti kwao kuli colengedwa cimene ku London kulibe, ndi ku Johannesburg kulibe.

Awa ndi mau athu pa mlandu uwu. Mwini wace sanena kanthu, ndipo sadzanena. Sadziwa kuti tamnenera, ndipo sadzatithokoza. Koma oweruza ndinu, amene mumwa Ruo ndi Likhubula, ndi inu a ku mapiri ena, a ku Zomba, ku Thyolo, ku Dedza ndi ku Ntchisi, pakuti phiri liri lonse liri ndi mboni zace zazing'ono. Nkhani iyi musaisiye m'buku; kaiwerengeni pa bwalo, pamaso pa mfumu, mvula ya caka cino isanagwe. Madzi akatayika saoleka.